Injiniya wa Pakhonde Pathu

Aliyense woyamba kuphunzira zamagetsi zing'onozing'ono, izi za mawailesi, masipika ndi machaja, amalandira langizo limodzi kwa amene anamutsogolera: usanapange china chilichonse, yamba wadzipangira power supply ya patebulo. Ndi kabokosi kolandira magetsi a pakhoma, aja a mavolti 230 opita uku ndi uku ka 50 pa sekondi, n'kuwatsitsa, kuwawongola kuti aziyenda njira imodzi, kenako n'kumakugawira monga wafunira, kaya mavolti 3, kaya 9, kaya 12. Akuti ukatero wasiyana nazo zogula mabatire tsiku ndi tsiku. Langizoli ndi labwino ndithu, kungoti olipereka sakhala nyumba imodzi ndi wophunzirayo. Ife timakhala naye. Ndi mwana wa achemwali anga, anabwera m'tauni muno kudzaphunzira ntchito, ndipo khonde lathu analisandutsa wekishopu osapempha n'komwe.

* * *

Choyamba kugula chinali thiransifoma ya mavolti 12. Anailumikiza ku madayodi anayi a 1N4007, kutsogolo kwake n'kuikako kapasita, n'kuyeza. Mita inati 16. Anayezanso, mita sinasinthe mawu. Anakulunga thiransifomayo m'jumbo, ulendo kwa wogulitsa.

"Bwana, mwandipatsa yolakwika. Palembedwa 12 koma ikutulutsa 16."

Wogulitsayo sanadzuke pampando. "Ndiye wabwera nayo ndalama ya anayi apamwambawo?"

Palibe amene anabera mnzake apa. Nambala 12 yolembedwayo ndi muyezo wapakatikati wa magetsi okwera ndi kutsika. Pamene akwera kufika pansonga amakhala 12 kuchulukitsa ndi 1.4, ndiye kuti pafupifupi 17. Madayodi amadulapo msonkho wawo wa volti imodzi ndi theka, ndipo kapasita imadzaza mpaka pansongapo n'kusunga. Mnyamatayo anabwerera kunyumba akumwetulira, n'kuwauza azakhali ake kuti m'tauni muno anthu ndi okoma mtima, ngakhale pa magetsi amaika basela.

* * *

Kapasita ya kachitini ili ndi miyendo iwiri, wautali ndi waufupi, komanso mzere wotuwa m'mbali mwake. Mnyamata wathu ankayesa mzerewo ndi wokongoletsa.

Linali Lamulungu masana, anthu atakhuta. Phuu! Galu anathawira kuseri kwa bafa. Aneba athu, amene ali ndi ngongole kwa theka la dera lino, anazimitsa wailesi n'kukhoma chitseko. Azakhali ake atamva fungo anathamangira kukhitchini kukavundukula mapoto onse, akuganiza kuti usipa wapserera. Ine ndinamupeza injiniya ali chilili, tizidutswa ta pepala tili m'tsitsi monse, chala chikuloza kachitini kong'ambika.

"Amalume, ndatulukira. Mzere uja ndi wa negative."

Opanga makapasita amawadziwa bwino ana a achemwali athu. N'chifukwa chake pamwamba pa kachitinipo amatemapo mphini zopingasa, kuti madzi a m'kati akawira chifukwa choilumikiza motembenuza, itsegukire pomwepo m'malo mouluka yonse kukapeza diso la munthu.

* * *

Yolowa m'malo anaigula pamsika, yaikulu, yonyezimira, yolembedwa 4700 µF, mtengo wake wosadandaulitsa. Anaiyesera pa wailesi ya agogo ake, mayi anga, amene anabwera kudzaonana ndi adokotala a maso n'kungokhaliratu. Wailesi inalankhula, koma pansi pa mawu panali kulira kwina kosalekeza, mmmmm.

"Iwe, m'wailesi mwangamu mwalowa njuchi," anatero agogo. "Uifukize utsi."

"Utsi ayi amayi," anayankha azakhali ake ali kukhitchini, "wa Lamulungu uja unakwana."

Kulira kotere kumabwera kapasita ikachepa. Madayodi anayi aja amatumiza magetsi modumphadumpha ka 100 pa sekondi, ndipo ntchito ya kapasita ndi kutseka mipata ya pakati pa kudumphako. Mnyamatayo anapita nayo kwa mkulu wina wokonza mawailesi, wa magalasi omanga ndi waya, amene wakhala pa ntchitoyi kuyambira nthawi ya mawailesi a Nzeru. Mkuluyo anaitola, kuipima m'dzanja, kuigwedeza pafupi ndi khutu, kenako n'kuisenda ndi pulaya. M'kati mwa chitini chachikulucho munali kakapasita kakang'ono kowotchereredwa ku miyendo, kali phee.

"Mwana wanga, iwe wagula nyumba. Wa lendi ndi uyu."

* * *

Mtima wa kabokosi ka woyamba kumene nthawi zambiri amakhala LM317, wamng'ono, wa miyendo itatu. Anamupanga ndi Bob Dobkin ku kampani ya National Semiconductor ku America mu 1976, ndipo mpaka lero akugulitsidwabe, ngakhale kampaniyo inagulidwa ndi Texas Instruments mu 2011. Amatha kupereka kuyambira mavolti 1.25 mpaka 37, ndi ampu imodzi ndi theka ukamuziziritsa bwino. Zochita umamuuza ndi marezisita awiri, wa 240 ohm ndi mnzake. Mnzakeyo akakhala wa 720, LM317 amatulutsa mavolti 5. Ukaikapo wopotokola, wonga wa volume uja, ndiye kuti mavolti ali m'manja mwako.

Vuto ndi loti ali ndi msuweni wake wofanana naye nkhope, dzina lake 7805. Pa 7805, kuyambira kumanzere, miyendo ndi polowera, ground, potulukira. Pa LM317 woyamba ndi wowongolera, potulukira pali pakati, polowera kumapeto. Mnyamata wathu anali ataonapo 7805 m'kalasi, ndiye anati a miyendo itatu onse ndi a mudzi umodzi. Anawotcherera woyamba, osamvera. Wachiwiri, osamvera. Pofika wachitatu anali atatsimikiza kuti wogulitsa uja ndi wakuba ndithu. Mkulu wa mawailesi anamufunsa ngati anawerenga datasheet, pepala lofotokoza ntchito ya mwendo uliwonse.

"Ndimafuna ndiyambe ndaona ngati zingatheke popanda."

"Ndiye zatheka?"

"Zatsala pang'ono."

"Safunsa anadya phula," anatero mkuluyo, "koma iye uja anadya kamodzi. Iwe wapempha mbale yachitatu."

* * *

Zitatheka, kunabuka matenda ena. Kabokosi kankagwira ntchito mphindi zingapo, kenako zii. Ukadikira pang'ono, kabwerera. Posakhalitsa ziinso. Aneba aja, atasuzumira pampanda, anagwedeza mutu mwaulemu.

"Koma mwanayu ndi wanzeru. Wapanga magetsi enieni, okhala ndi ndandanda yozimira yomwe."

LM317 alibe kwina kotaya mavolti otsala, amangowasandutsa kutentha. Ukalowetsa 16 n'kutulutsa 5 pa ampu imodzi, 11 otsalawo ndi mawati 11 a moto m'kathupi kakang'onoko, kuposa kawiri mphamvu imene ikupita ku ntchito yeniyeni. Akatentha mopitirira amadzizimitsa yekha, akazizira n'kudzukanso. Mankhwala ake ndi heat sink, chitsulo cha aluminiyamu chomwaza kutenthako. Pa malangizo onsewa mnyamatayo anangomvapo mawu amodzi, aluminiyamu. Madzulo azakhali ake anapeza chivundikiro cha poto wa ndiwo chili ndi zenera la makona anayi, lodulidwa mwaluso ndithu, m'mbali mwake mopalidwa bwino kuti munthu asadzicheke.

Mlandu unakambidwa mpaka usiku, ine ndili woweruza wosafuna udindo. Chigamulo chinali choti mtengo wa chivundikiro uchoke pa ndalama ya minibasi, ndipo injiniya anayamba kudziwa njira zonse zachidule za wapansi.

Kachidutswako kanagwira ntchito bwino mpaka tsiku limene anakamangirira ku bokosi lachitsulo, lomwe anali atalilumikiza kale ku negative. Msana wachitsulo wa LM317 ndi wolumikizana ndi mwendo wa potulukira, ndiye popanda kapepala ka mica pakati, imeneyo ndi shoti. Mita inati 0. Azakhali ake sanadabwe.

"Chivundikiro changa chanyanyala. Sichinalembedwe ntchito imeneyo."

* * *

Kagetsi kofiira kosonyeza kuti bokosi layaka kamafuna magetsi ochepa kwambiri, osapitirira mamiliampu 20, ndiye kamayenda ndi rezisita wokateteza. Marezisita salembedwa manambala, amavala timizere tamitundu. Wa 1000 ohm ndi bulauni, wakuda, wofiira. Wa 100 ndi bulauni, wakuda, bulauni. Masana kusiyana kwake kumaoneka. Pa kandulo, bulauni ndi wofiira ndi pachibale. Kagetsiko kanawala kamodzi mwaulemerero, kanasintha mtundu, n'kutsanzika.

Agogo anamva nkhaniyo mwachifundo. "Mawa tipitire limodzi kwa adokotala a maso. Ndikakugwira dzanja."

* * *

Wailesi ya agogo imadya mabatire anayi, mavolti 6. Mdzukulu anawatchera bwinobwino pa 6, agogo ali tcheru kumvera mauthenga achisoni, kuti adziwe amene watsogola kumudzi. Pamenepo waya wa pa chopotokola chija, wowotcherera mothamanga, unasomphoka. Zikatero LM317 sazima ayi, amatsegula zonse, n'kupereka pafupifupi chilichonse chimene walandira. Wailesi inakuwa kamodzi mokweza kuposa kale lonse, basi n'kukhala chete.

Agogo anaiyang'anitsitsa. "Yalengeza maliro a anthu ambiri imeneyi. Ake alengeza ndani?"

* * *

Soldering iron imafika madigiri opitirira 300, ndipo ikatentha maonekedwe ake sasintha. Foni inalira, iye maso ali pa bolodi, dzanja linapita lokha. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwake sitinkadziwa kuti amawadziwa.

"Amenewo si a kwathu," anatero agogo msangamsanga. "Ndi a kwa bambo ake."

* * *

Mayunitsi atayamba kutha mwezi usanathe, aliyense anadziwa koloza chala. Mnyamatayo anabwera patebulo ndi pepala la masamu. Soldering iron yake ndi ya mawati 40, iyenera kuyaka maola 25 kuti idye yunitsi imodzi. Hotipuleti ya mawati 1000 ya azakhali imadya yunitsi yomweyo pa ola limodzi. Ketulo ya mawati 2000, imene amalume amawiritsira madzi osamba m'mawa ndi madzulo, imaimaliza pa theka la ola. Anawerenga zonsezi momveka bwino, n'kupinda pepala lake.

Masamuwo anali olondola kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tsiku limenelo m'mbale mwake munagwa msuzi wokha, ndipo ine sindinamuone pamene ankandiyang'ana.

* * *

Mita yotsika mtengo imakhala ndi mabowo atatu. Limodzi, lolembedwa 10A, ndi loyezera maampu, ndipo m'kati mwake ndi njira yongodutsa, pafupifupi waya chabe. Ukayeza maampu n'kuiwala chingwe chofiira m'bowo limenelo, kenako n'kupita kukayeza mavolti pa soketi, ndiye kuti walumikiza live ndi neutral ndi manja ako omwe. Iye anachita zimenezi Loweruka madzulo, mpira uli pa TV, oimbira atangoloza penate. Phaa! Nsonga ya chingwe inasungunuka, nyumba yonse mdima bii.

Mumdimamo anayamba kudziteteza asanafunsidwe.

"Azakhali, ngakhale William Kamkwamba anayamba chonchi. Ali ndi zaka 14 ku Wimbe, ku Kasungu, anthu ankati wapenga pomuona akutola zitsulo zotayidwa. Koma mu 2019 dziko lonse linaonera filimu yake."

"Kamkwamba anabweretsa magetsi m'nyumba mwa makolo ake," anatero azakhali akupapasa machesi. "Iwe ukuchotsa amene unawapeza."

Ndipo tizinena zoona, Kamkwambayo ataona kuti mawaya ake angayatse nyumba, anadzipangira chodulira magetsi ndi misomali, waya ndi maginito a sipika. Mbali imeneyi ya nkhani ana athu amaidumpha, amathamangira pa filimu.

* * *

Fyuzi ya m'pulagi itapsa, alangizi anachuluka. Aneba anati aikulunge ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Wina wongodutsa ndi njinga anati msomali sunamukhumudwitsepo. Mlamu wanga anati pulagi yeniyeniyo ndi kuwononga ndalama, iye amangolowetsa mawaya m'soketi n'kukhomerera ndi timitengo ta machesi, ndipo ali moyo mpaka lero. Sanatchule kuti nyumba akukhalayo ndi yachiwiri.

Mkulu wa mawailesi yekha ndiye ananena zanzeru. Fyuzi ikhale ya maampu 3, osati 13 imene mapulagi ambiri amabwera nayo. Ndipo poyatsa koyamba chilichonse chimene wapanga wekha, pa waya wa live pakhale babu la mawati 60, magetsi azidutsa mmenemo asanafike ku bokosi. Ngati m'bokosi muli shoti, babu limawala kwambiri n'kumwa mphamvuyo, palibe chimene chimapsa. Ngati zili bwino, limangophethira n'kuzirala. Kungoti pamafunika babu lakale lija la kawaya m'kati, osati a LED amene adzaza m'masitolo masiku ano.

Mnyamatayo anafufuza dera lonse, ndipo analipeza limodzi. Usiku womwewo tinamva alandilodi akufuula kuchokera ku chimbudzi chawo chapanja, akufunsa dziko lonse kuti ndi wakuba wamtundu wanji amene amasiya ndowa, sopo ndi loko, n'kutenga babu.

* * *

Mnzake wa m'kalasi anabwera kudzamuseka. Akuti za thiransifoma n'zachikale. Iye anatola power supply ya kompyuta yakufa, ya mtundu wa ATX umene Intel inayambitsa mu 1995. Mmenemo zonse n'zopsa kale: mawaya achikasu ndi mavolti 12, ofiira 5, a olenji 3.3, akuda ndi ground. Kungoti payokha siyamba. Anailowetsa pakhoma, fani osazungulira. Anaimenya khofi, osazungulira. Chinsinsi chake ndi waya umodzi wobiriwira, umene uyenera kukhudzana ndi wakuda. Atauzidwa, anapinda kawaya kopanira mapepala n'kulumikiza awiriwo. Fani inayamba kupuma, mwini wake n'kuyamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Chimene sanawerenge ndi chomata cha m'mbali, pamene panalembedwa kuti mawaya ofiira atha kupereka maampu 20. LM317 ukamulakwira amakuleza mtima, amaima cha pa maampu awiri. ATX ikapeza kawaya kowonda imangokadyetsa mpaka kafiire. Kawayako kanasiya mzere wakuda wowongoka pa nsalu ya patebulo imene azakhali analuka okha. Anyamata awiri aja, amene anali kukangana kuti wanzeru ndani, anayamba kukangana kuti mwini wayayo ndani.

Kenako mlendoyo anati atsegule bokosilo aone m'kati. Apa pokha sindinaseke. Makapasita a mbali ya pakhoma mmenemo amasunga mavolti opitirira 300, ndipo amatha kukhala nawobe ngakhale utazula pulagi. Nyesi yake si yophunzirirapo. Ndinamulanda sikuludiraiva n'kumupatsa chikho cha thobwa kuti manja akhale ndi chochita.

* * *

Mnzakeyo sanagonje. Anabweranso ndi chaja ya laputopu ya mavolti 19 ndi timabolodi tiwiri ta LM2596, tomwe timatsitsa mavolti podula magetsi ka 150,000 pa sekondi, motero sititentha kwambiri. Pa kabolodi kalikonse pali kanthu kabuluu kokhala ndi kasikuluwu kamkuwa kotchera mavolti. Anapotokola kawiri, katatu, mita ili pa 18 osasuntha. Anayesa kabolodi kachiwiri, chimodzimodzi. Kwa nthawi yoyamba awiriwo anagwirizana chimodzi, kuti awagulitsa zabodza, n'kutitaya pansi.

Kamwana kanga ka Sitandade 2 kanatola kamodzi, n'kukakhala pakona kumangopotokola ndi chipini cha m'tsitsi, kakudziimbira nyimbo. Kasikuluwuko kamafuna kuzungulira kambirimbiri, nthawi zina kopitirira khumi, mita isanayambe kutsika. Anyamata atakayesanso mwamwayi, mita inati 7. Kamwanako kanalipiritsa mandasi awiri, ndipo masiku ano kakamva awiriwo akukangana pakhonde kamaima pakhomo, chipini chili m'manja.

"Achimwene, ndibwere?"

* * *

Tsiku lomaliza linafika ndithu. Bokosi lopentedwa, swichi, kagetsi kofiira ka rezisita wosankhidwa masana, kamita kowala manambala, ndi mabowo awiri, lofiira ndi lakuda. Tinaitanidwa tonse, aneba ndi alandilodi omwe, babu lawo litabwerera pamalo ake mosadziwika bwino. Anayatsa. Kamita kanati 5.0. Anapotokola, 9.0. Anapotokolanso, 12.0. Anatiyang'ana, kudikira m'manja.

"Ndiye iyamba kuimba nthawi yanji?" anafunsa alandilodi.

"Siimba, bambo. Imapereka mavolti."

"Kwa ndani?"

"Kwa zinthu zina zimene ndidzapange."

"Zinanso?" Azakhali ake anagwira m'mutu, maso ali ku mapoto.

Asanayankhe, magetsi anazima dera lonse, manambala aja n'kuzimirira. Agogo anawomba m'manja mokondwa.

"Eya, nthawi yake ndi ino! Yatsa makina ako mdzukulu wanga, anthu aone nyumba yathu yokha ikuwala."

"Agogo, amafuna magetsi a pakhoma kuti agwire ntchito."

"Makina a magetsi akufunanso magetsi?"

"Inde, agogo."

"Nanga wailesi yanga inafera chiyani?"